Wolaŵira Amamdzutsa Ndani?

Sabata zitatu zapitazo ndidakangana ndi mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi, ndipo kufikira lero sitinayambe kuchezerana monga kale. Mkangano wake udali wa tulo. Ine, chiyambire chaka chino, ndakhala ndikudzuka 4 koloko m'maŵa tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Iye amaŵerenga mpaka 1 koloko usiku, kaŵirikaŵiri kupitirira apo, n'kudzuka dzuŵa litasuzumira kale pazenera. Tsiku lina tili kudya nsima ndi anzathu, wina adandifunsa kumene kudali mesho wanga, ndipo ine pofuna kuseketsa anthu ndidati: "Mlesi uja? Akadali m'bulangeti, akudikira kuti digiri impeze pabedi." Anthu adaseka. Pofika madzulo mauwo adali atamfika kale mwiniwake.

Sadakalipe ai. Adangokhala pabedi pake, navula nsapato, nati: "Aise, ndamva kuti ndine mlesi. Palibe kanthu. Koma tandiuza, madzi umasamba 4 koloko aja, umati amachokera kuti?"

Apa ndiyenera kufotokoza. Chipinda chathu chili pamwamba, ndipo m'miyezi yotentha madzi sakwera kufika kumipopi yathu kufikira pakati pa usiku, a pansi onse atatseka yao. Pofika m'bandakucha amakhala atathanso. Komabe m'maŵa uliwonse ine ndinkapeza chidebe chodzaza kuseri kwa chitseko. Ndinkasamba, kuŵiritsa tiyi, n'kukhala patebulo ndili wokondwa ndi khama langa, osadzifunsa n'kamodzi komwe kuti chidebecho chimadzaza bwanji. Kapena mumtima ndinkadziŵa, koma munthu safulumira kufunsa funso limene yankho lake lidzamsandutsa wangongole.

Funso la mnzangalo ndidalephera kuliyankha, koma lidandisiyira lina limene ndikufuna kuti tiganizire limodzi, inu ndi ine. Kodi kudzuka m'mamaŵa ndi khalidwe lokoma, lofanana ndi kunena zoona kapena kubweza chobwereka, kotero kuti wolaŵira ali ndi ufulu woyang'ana wogonereza ndi diso lonyoza? Kapena n'chizoloŵezi chabe, chimene chimapindulira ena n'kupweteka ena? Ndikudziŵa kuti ambiri a ife tidaliyankha kale funsoli tisanalifunse. Ine ndidali mmodzi mwa iwo, ndipo ndayesa kulondola kumene yankho langalo ndidalitenga.

Ndidakulira kumudzi, m'boma la Balaka, ndipo kumeneko palibe amene adandiphunzitsa kulaŵira ndi mau. Chimene chinkandidzutsa chidali phokoso la abambo akukhoma khasu pamwala kuti likhazikike bwino mumpini, tambala wachiŵiri atangolira. Tinkatuluka nthanda ikali kuŵala, n'kukafika kumunda kum'maŵa kutayamba kufiira. Amene adagalauzapo mizere m'mwezi wa Okotobala kudera kwathu akudziŵa chifukwa chake. Ikamakwana 10 koloko nthaka imatentha mwakuti phazi lopanda nsapato silingaponde, mpini umaterera ndi thukuta, ndipo mzere umene m'maŵa ukadautha mosavuta umakudyera nthaŵi yoŵirikiza. Kulaŵira kwa mlimi ndi masamu a dzuŵa basi. Tsono pali china chimene ife a kumudzi timaiŵala tikafika pakoleji. Tikaŵeruka, titadya, abambo ankayala mkeka patsinde pa mtengo wa mango n'kugona tulo tofa nato mpaka dzuŵa litapendeka, ndipo madzulo, 8 koloko isanakwane, mudzi wonse udali zii. Tulo timene tinkatisiya pamphasa m'maŵa tinkatipezanso masana ndi chisisira. Palibe amene ankalimana thupi gawo lake.

Ngakhale ola lenilenilo lilibe ulemu umene timalipatsa. Wotchi ya dziko lino idatcheredwa pa mzere wa madigiri 30 kum'maŵa kwa Greenwich, pamene kwathu kuli pafupi ndi madigiri 35. Ndipo popeza dziko limatembenuka digiri imodzi pa mphindi 4 zilizonse, dzuŵa limatipeza mphindi 20 wotchi isanaliyembekeze. M'Novembala limatuluka cha m'ma 5 koloko, m'Juni cha m'ma 6. Ku Lusaka, kumene wotchi yao ndi yathu zimaŵerenga chimodzimodzi, limatuluka patapita pafupifupi theka la ola. Nanga mlimi wa kumeneko amene amadzuka ndi dzuŵa monga abambo anga, tinene kuti ndi waulesi kuposa iwo ndi mphindi 30?

Kudali kusekondale yogonera konko kumene kulaŵira kudasudzulana ndi dzuŵa. Belu lathu lidali chitsulo cha gudumu la lole chopachikidwa pamtengo. Ankalimenya 5 koloko, kaya kuli mvula kaya chisanu cha Juni, ndipo wopezeka m'bulangeti ankalandira chikwakwa kuti akatchetche udzu. Pamwamba pa belu padalinso mpikisano wa ife eni ake. A Folomu 4 ankadzuka 3 koloko, naviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti asaodzere, ndipo ife aang'ono tinkaŵayang'ana monga anthu oyera mtima. Padalibe wofunsa kuti m'mutu mwaloŵa zingati; kuvutikako ndiko kudali umboni. Mkeka wa masana uja kumeneko kudalibe. Ndi kumeneko kumene ndidatola chikhulupiriro chimene ndidafika nacho pano, chakuti ola limene munthu wadzukira limayeza mtima wake.

Sindikufuna kunama kuti kulaŵira sikudandipindulire. Amene sadakhalepo maso 4 koloko pakoleji pano sadziŵa kuti malo ano amatha kukhala chete. Kulibe wailesi, kulibe wogogoda kudzabwereka shuga, foni siilira, ndipo mnzako amene amabwera ndi nkhani za mpira akali kulota. Kwa maola aŵiri palibe munthu pa dziko lapansi amene akufuna kanthu kwa iwe. Tsamba limene madzulo ndinkaliŵerenga katatu osalimva, m'maŵa linkaloŵa kamodzi. Chinanso n'chakuti tsiku lonse linkakhazikika. Popeza ndinkadziŵa kuti ndidzuka 4 koloko, ndinkasankhiratu madzulo buku loti ndiyambe nalo, n'kulisiya lotsekula patebulo. Nkhanga zidapangana kusanache. Ndikafika m'kalasi 8 koloko ndinkakhala nditachita kale chinthu chimodzi chooneka, ndipo mtima wa munthu amene wayamba kale ntchito umasiyana ndi wa amene akuthamanga ndi buledi m'manja. Zimenezi n'zoona, ndipo sindizibweza.

Koma woŵerengera phindu aŵerengerenso ndi ngongole. M'hositelo palibe amene angagone 8 koloko monga kumudzi. Ine ndinkagona 11, n'kudzuka 4. Ameneŵa ndi maola 5, pamene akatswiri a za tulo amati munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Tsiku lili ndi maola 24 kwa wolaŵira ndi kwa wogonereza yemwe. Maola aŵiri amene ndinkanyadira aja sindidaŵaumbe ine. Ndidachita kuŵakongola kwa usiku, ndipo mwini katapilayo ankabwera kudzatenga chiongoladzanja chake pa phunziro la 2 koloko masana. Makope anga alipo ochitira umboni: mizere imayamba bwino, kenaka zilembo zimasanduka mapazi a nkhuku, kenaka mzere umodzi wautali wotsetsereka kutsika tsamba. Choipa kwambiri n'chakuti tulo timene ndinkatiba tidali mbali ya kuphunzira komweko. M'chaka cha 1924, pa yunivesite ya Cornell ku Amereka, John Jenkins ndi Karl Dallenbach adatenga ophunzira aŵiri naŵaloŵezetsa timau topanda tanthauzo, n'kumaŵafunsa patapita ola limodzi, aŵiri, 4 kapena 8. Ophunzirawo akakhala kuti maola amenewo adagona, ankakumbukira zochuluka kwambiri kuposa akakhala kuti adali maso. Kafukufuku wa m'zaka zotsatira watsimikiza kuti ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira pamene mwiniwake ali m'tulo. Ndiye kuti ine ndinkakolola m'maŵa, koma nkhokwe yake ndikuiphwasula usiku. (Pa mayeso a pakati pa chigawo, mnzangayo ndi ine tidasiyana ndi malikisi aŵiri okha. Sindinena amene adali pamwamba.)

Wina anganene kuti vuto lidali kugona mochedwa, osati kudzuka msanga, ndipo kuti mnzangayo atafuna akhoza kugona 9 koloko n'kudzuka nane limodzi. Ine ndinkaganizanso choncho. Koma thupi lili ndi wotchi yakeyake imene siimvera alamu. M'chaka cha 1938 Nathaniel Kleitman, mmodzi mwa oyamba kufufuza za tulo, adaloŵa m'phanga la Mammoth ku Kentucky pamodzi ndi wophunzira wake Bruce Richardson, nakhala m'menemo masiku 32 kumene dzuŵa silifika, akuyesa kukhala ngati tsiku lili ndi maola 28. Mnyamatayo adazoloŵera, koma thupi la Kleitman lidakana: kutentha kwake kudapitiriza kukwera ndi kutsika motsata maola 24. Kuchokera pamenepo zambiri zadziŵika. M'chaka cha 2017 Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young adalandira mphoto ya Nobel chifukwa chofotokoza m'mene wotchi imeneyi imayendera m'kati mwa maselo, ndipo adaiphunzira pa tintchentche tija timaunjikana pa nthochi zakupsa. Wotchiyi ili mwa tonsefe, koma siidatcheredwe mofanana: ena tulo timaŵapeza msanga, ena mochedwa, ndipo mbali ina ya zimenezi munthu amachita kubadwa nayo. Imasunthanso ndi msinkhu. Till Roenneberg wa ku Munich, atafunsa anthu miyandamiyanda za magonedwe ao, adapeza kuti wotchi ya munthu imanka nichedwa kuyambira pa unamwali, n'kufika pochedwetsetsa cha m'ma zaka 20, kenaka n'kuyamba kubwerera pang'onopang'ono. Zaka 20 ndi msinkhu wa ambiri a ife amene tikuŵerenga tsamba lino. Agogo amene amadzuka tambala asanalire sadatiposere khama. Nkhalamba tulo timaithaŵa tokha.

Chimene chidandikhudza koposa ndi nkhani ya anthu a mtundu wa Hadza, amene amakhala pafupi ndi nyanja ya Eyasi ku Tanzania, ena mwa iwo akudalirabe kusaka ndi kutola za m'tchire. M'kafukufuku amene adasindikizidwa m'chaka cha 2017, David Samson ndi anzake adaveka anthu 33 tizipangizo tonga wotchi pamkono kwa masiku 20, kuti aone nthaŵi imene aliyense ali m'tulo. Pa masiku onsewo, nthaŵi imene anthu onse adali m'tulo limodzi idangokwana mphindi 18. Padalibe woika mlonda, padalibe ndondomeko. Koma popeza wina amagona mochedwa, wina amadzuka pakati pa usiku, wina amalaŵira, pafupifupi nthaŵi zonse pamakhala diso limodzi lotsekula. Ofufuzawo adaganiza kuti kusiyana kwa magonedwe kudapulumutsa makolo a anthu onse ku zilombo ndi kwa adani. Ngati n'choncho, mudzi wa olaŵira okhaokha ukadakhala mudzi wosavuta kwa fisi, pakuti 11 koloko onse akadakhala ali fololo. Nditaŵerenga zimenezi ndidakumbukira chidebe chija.

Tsono mfundo yake n'njosavuta. Sitiyamika munthu chifukwa ndi wamtali, ndipo sitiyenera kumdzudzula chifukwa ndi wamanzere, ngakhale agogo athu ankamenya dzanja lamanzere mpaka mwana aleke kudyera. Kuyamika ndi kudzudzula zimayenera zinthu zimene munthu wasankha. Ngati thupi langa limadzuka mosavuta ndipo la mnzanga limadzuka movutikira, ulemu umene ndinkadzipatsa uja udali ngati wa munthu wonyadira kutalika kwa miyendo yake.

Popeza ndikuphunzira filosofi, ndidapita kukafuna mboni kwa akuluakulu a maphunziro ameneŵa, koma mboni zake zidatsutsana. Immanuel Kant wa ku Königsberg ankadzuka 5 koloko tsiku lililonse kwa zaka makumimakumi, namwa tiyi, nasuta kaliwo kamodzi, n'kuyamba ntchito. Olimbikitsa kulaŵira amakonda kumtchula, koma saonjeza kuti ankagona 10 koloko, ndiye kuti maola ake 7 ankakwana. René Descartes adali wa mtundu wina. Ali mwana pasukulu ya La Flèche adaloledwa kugonereza chifukwa chodwaladwala, ndipo chizoloŵezi chokhala pabedi mpaka dzuŵa litakwera, akusinkhasinkha, adakula nacho. M'chaka cha 1649 Mfumukazi Christina ya ku Sweden idamuitanira ku Stockholm, nifuna kuti aziiphunzitsa 5 koloko m'maŵa, pakati pa chisanu choopsa cha dziko limenelo. Descartes adadwala chibayo, namwalira pa 11 Febuluwale 1650 ali ndi zaka 53. Sindikunena kuti adaphedwa ndi kulaŵira. Ndikungonena kuti mabuku a aŵiri onseŵa ali pa shelefu imodzi mulaibulale, ndipo palibe angaloze tsamba n'kunena kuti ili lidalembedwa ndi mlesi.

Koma m'nkhani ya Kant mudali munthu wina amene poyamba ndidamlumpha. Kant sankadzuka yekha. Wantchito wake Martin Lampe, amene kale adali msilikali, ndiye ankaloŵa m'chipinda 5 koloko itatsala pang'ono kukwana n'kumdzutsa, ndipo adamtumikira kwa zaka pafupifupi 40, kufikira adachotsedwa ntchito m'chaka cha 1802. Kuti Kant adzuke 5, Lampe ankadzuka nthaŵi yanji? Nanga Lampeyo ankamdzutsa ndani? Mphunzitsi wamkulu amene adatiuza kuti munthu mnzathu tisamamuyese chida chabe, m'maŵa wake wonse udatsamira pa msana wa munthu amene mabuku amangomtchula modutsa. Nditazindikira zimenezi ndidayamba kumuona Lampe paliponse. Anthony Trollope, Mngelezi amene ankagwira ntchito ku positi ofesi koma n'kulemba mabuku a nthano 47, ankakhala patebulo 5:30 m'maŵa, wotchi ili patsogolo pake, akudzikakamiza kulemba mau 250 pa mphindi 15 zilizonse. Ankamdzutsa ndi kumbweretsera khofi ndi nkhalamba ina yosamala akavalo ake, imene ankaionjezera mapaundi 5 pachaka chifukwa cha ntchito imeneyi. Ndipo Trollope tiyenera kumuyamika pang'ono, pakuti iye yekha adavomera kuti kupambana kwake kudadalira kwambiri nkhalambayo. M'mizinda ya mafakitale ya ku Britain, monga Manchester, mawotchi odzutsa asanatchipe, mudali anthu amene ntchito yao idali kuyenda m'misewu usiku ndi ndodo yaitali, akugogoda mazenera a ogwira ntchito kuti asachedwe, n'kulandira timakobili pasabata.

Kwathu Lampe wake adali amai. Ndanena kuti chinkandidzutsa chidali khasu la abambo, ndipo n'zoona. Koma pamene khasulo linkalira, amai ankakhala atabwerako kale kumjigo ulendo woyamba, moto atasonkha, mbatata zili pamoto zoti titenge kumunda. Akatero ankanyamula khasu lao n'kutitsatira. Masana abambo ali pamkeka, iwo adali pamtondo kapena pa mzere wa kuchigayo. Zaka zonsezi ndakhala ndikusimba kuti kulaŵira ndidatengera abambo. Pa tchuthi chathachi, mkangano uja usanachitike, ndidadzuka 4 koloko monga mwa chizoloŵezi changa cha kukoleji, nditatenga buku, ndikuyembekeza kuti andione. Ndidangomva chitseko cha kukhitchini chikutsekedwa, iwo akubwera ndi chidebe pamutu. Adati: "Iwe, wadzukiranji usiku uno? Ukudwala?" Ndidati: "Iyai amai, ndikuŵerenga." Adati: "Chabwino, ŵerenga mwanangu," natula madziwo, natenga chidebe china. Sindidaimirire kuti ndiŵalandire. Ndidali pa ntchito yofunika.

Ndipo pakoleji pano, 4 koloko ija ndinkaiyesa yangayanga, sindidali ndekha. Kukhitchini nyali zinkakhala zitayaka kale, anthu akutakasa phala loti ife tidye 7 koloko. Alonda adali asanagone n'komwe. Kukamayera, pa msewu wa kuseri kwa hositelo pamadutsa amai osenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, ochokera kutali kumene adapita kukadali mdima. Anthu ameneŵa palibe amene amaŵalembera nkhani zotamanda ndondomeko yao ya tsiku, ndipo iwo eni saiyesa nzeru ya moyo; amadzuka chifukwa akagona ana sadya. Kukadakhala kuti kulaŵira pakokha kumabala chuma kapena ulemu, mai wa nkhuni uja bwenzi akuyenda pa galimoto. Kumbali ina kuli asodzi a usipa ku nyanja, amene amachezera pamadzi ndi nyali usiku wonse n'kugona masana pamchenga. Mlendo wodutsa 10 koloko m'maŵa akhoza kuŵatcha alesi, iye akupita kukagula usipa womwewo.

N'chifukwa chake ndayamba kuchenjera ndi olalika kulaŵira. Wolemba mbiri E. P. Thompson, m'nkhani yake yotchuka ya 1967 yonena za nthaŵi ndi mafakitale, adasonyeza kuti ku England anthu adayamba kuphunzitsidwa mwamphamvu kuti kutaya nthaŵi ndi tchimo pa nyengo yomwe eni mafakitale ankafuna antchito ofika pa belu. Kale mmisiri ankagwira ntchito motsata ntchitoyo, monga mlimi. Tsopano adayamba kugulitsa maola. Kuno kwathu, pa nthaŵi ya thangata, anthu okhala m'minda ya Azungu ankasiya minda yao m'maŵa wa dzinja, nthaŵi yokhayo imene khasu limapindula, kukalimira mwini malo; ndipo amene ankalanda m'maŵawo ndi omwenso ankadandaula kuti anthu akuda ndi aulesi. Munthu akamakuuza kuti kudzuka msanga ndi khalidwe labwino, nkwabwino kufunsa kuti m'maŵa wakowo ukupita m'thumba la yani.

Komatu ndisapitirire malire. Pali anzathu ena amene akaŵerenga izi adzakondwa, nadzakoka bulangeti, nati sayansi yaŵamasula. Ulesi ulipo ndithu, ndipo tonse timaudziŵa. Ndimaganiza za maliro a kumudzi. Munthu akamwalira, adzukulu amapangana kuti maŵa m'bandakucha akumane kumanda ndi makasu, kuti dzenje lithe dzuŵa lisanatenthe ndipo mwambo usachedwe. Mnyamata amene wagonereza tsiku limenelo, n'kufika anzake atafika kale m'chiuno, mudzi umamdzudzula, ndipo umakhoza. Akati thupi lake lidatcheredwa mochedwa, palibe angamvere, ndipo ine sindingamuikire kumbuyo. Koma tiyang'anitsitse chimene walakwa. Sadalakwire 4 koloko. Walakwira anzake amene akumba gawo lake, ndi ofedwa amene akudikira. Mlonda amene wagona 2 koloko usiku walakwa mlandu womwewo, ngakhale ola lake n'losiyana. Chimene chimalemera pamenepa ndi pangano, ndi munthu amene akukudalira. Mnzathu amene amajomba phunziro la 8 koloko n'kudzabwereka kope lako, kapena amene mwagaŵana naye ntchito ya pagulu koma iye osaoneka, ameneyo ali ndi mlandu. Mesho wanga sadajombepo phunziro. Amafika tsitsi losapesa, maso ali psuu, koma amafika.

Ndikadziyesa ndi muyeso umenewu, ine ndiye ndimapereŵera. Ndinkadzukira yani? Ndinkadzukira ine ndemwe: malikisi anga, digiri yanga, ntchito imene ndikuiyembekeza m'tauni. Palibe choipa pamenepo, ndipo amai atamva angakondwere, pakuti digiriyo akuidikira naonso. Koma si chinthu choti munthu n'kuvala ngati mkanjo wa kutchalitchi. Ndiponso kulaŵira kwangako kudali ndi wolipira. Alamu inkalira 4 koloko m'chipinda cha anthu aŵiri, nyali n'kuyaka, ketulo n'kuyamba kusokosa, pamene mnzanga adali atagona maola atatu okha. Miyezi yonseyi sadadandaule. Iye akamaŵerenga usiku ankaphimba nyali yake ndi thaulo kuti isandithobwe m'maso. Zimenezi ndidaziona kambirimbiri, osaganizapo kanthu.

Sabata yathayi ndidasuntha alamu kufika pa 5:30, ndipo ndikuyesetsa kugona 10 koloko itangopitirira, ngakhale phokoso la m'hositelo sililola masiku onse. Ikalira ndimaizimitsa msanga, n'kutuluka ndi mabuku osayatsa nyali, kukaŵerengera m'kalasi ina imene alonda amaitsekula m'maŵa. Phunziro la 2 koloko ndayamba kulimva mpaka kumapeto. Kupepesa ndidapepesa, koma mopotoka, monga timachitira amuna: ndidagula buledi ndi majarini n'kuziika patebulo pake. Adadya, nati zikomo, osaonjeza kanthu. Za madzi ndidamuuza kuti tizisinthana, ndipo Lachiŵiri lapitali idali nthaŵi yanga. Ndidakhala pampopi kuyambira 11:30, chidebe chili pansi, ndikudikira kuti mpope uyambe kutsokomola. Ndidadzidzimuka iye akundigwedeza pheŵa, madzi akusefukira m'khonde, nsapato zanga zili chonyoŵa. Adatseka mpopi, nanyamula chidebecho, nati: "Kagone, aise. Usiku si wako."